Mwala Wotchedwa Ketrina

Lolemba, 3 Juni 1996

Kuzizira. Mapazi atupa, nsapato zakana, kusukulu ndapita ndi mapatapata. Ahedi ayang'ana mapazi, kenako mimba, osanena kanthu. Mwezi wachisanu ndi chitatu, akananena chiyani.

Madzulo apongozi anga, Ba Eness, abwera ndi dzungu ndi nkhani. Dzungu ndalandira ndi manja awiri. Nkhani yake ndi iyi: mwana akabadwa wamkazi adzatchedwa Ketrina, dzina la akulu awo amene anamwalira dzinja lathali. Akuti dzinalo likungokhala, palibe walitenga, ndipo malemuwo ayamba kuwabwerera kutulo. Cleopas, mwamuna wanga, anali kalikiliki ndi mabatire a wailesi ngati sakumva.

Ketrina! Mayi amene tsiku loyamba anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi n'kunena kuti, "Wa ku Katete uyu? Nkhuku zathu zapulumuka, koma mbeba zasila," poti a ku Katete amatinena kuti timangodya mbewa. Anamenyapo kondakitala ndi ambulera. Anabwezapo ndiwo zanga alendo akuona, ati mchere ndinathira ngati ndikufutsa nsomba. Kuno amati mwana amatenga mtima wa mwini dzina. Ndiye ndivutike miyezi yonseyi, ndibereke, ndiyamwitse munthu woti azidzandibwezera ndiwo?

Ine ndikufuna Rosina. Amayi anga. Anagona kalekale ku Katete, mlongo wanga ali ndi anyamata okhaokha, dzina lawo palibenso amalitchula. Koma pakhomo pano mwana woyamba amatchula ndi akuchimuna. Mtengwa ntchito yake n'kubereka basi.

Lachinayi, 6 Juni

Malipiro sanafikebe. Tiyi wopanda shuga.

Pa buleki Ba Noboru, mphunzitsi wa ku Japan amene amaphunzitsa sayansi m'makalasi aakulu, abwera ku phunziro lawo la Chinyanja. Ndine ndimawaphunzitsa. Lero sanabwere ndi kope koma zithunzi ziwiri zakuda bii, zodzaza timadontho toyera ngati ufa wotayikira pa chitenje.

Nkhani yake ndailemba kuti ndisaiwale. Atate awo amagulitsa mankhwala, koma matenda awo ndi nyenyezi. Ali ndi telesikopu kuseri kwa nyumba. Ba Noboru asanabwere ku Zambia, awiriwo anajambula malo amodzi a kuthambo kawiri, chithunzi china tsopano, china patapita kanthawi. Poyerekeza, madontho onse ali pomwe analili. Kupatula kamodzi. Kasuntha. Akuti si nyenyezi, ndi mwala. Pakati pa Mars ndi Jupiter pali miyala yambirimbiri yozungulira dzuwa, iwo anagwira umodzi umene munthu anali asanauonepo. Waung'ono, woti munthu angaudutse wapansi njala isanamupweteke. Zaka zonsezi akhala akuulondalonda kuti usasowe. Tsopano akuluakulu a zanyenyezi aupatsa nambala, ndipo alola oupezawo kusankha dzina.

Atate awo akuti dzina lichokere kuno kumene anthu akuwasungira mwana. Ba Noboru anafuna Chinyunyu, dzina la dera lino. Mdala wayesa kutchula pafoni, lilime lakana. Ndiye akufuna dzina la munthu, lalifupi, koma osati wandale. "Ba Fridah, munithandize, imwe muziba anthu," anatero.

Pomwepo mwana wandimenya chibakera m'mimba. Ndawauza kuti ndiganize kaye. Bodza. Ndinali nditaganiza kale.

Loweruka, 8 Juni

Kochapa ku kasupe wa madzi otentha. Nthunzi, sopo, miseche ya azimayi. Ine ndikuchapa, mutu ukugwira ntchito.

Dzina likatengedwa latengedwa. Anatero okha apongozi chaka chatha, pamene msuweni wa Cleopas anafuna kutcha mwana wake dzina limene linali litapatsidwa kale kwa wina. Mzimu umatsata woyamba kutchulidwa, wachiwiri amangonyamula chikopa. Tsono Ketrina akapita ku mwala, wapita. Akakhale kumeneko, akazibwezera Jupiter ndiwo.

Masana ndawapeza Ba Noboru akuchapa masokosi. Ndawauza kuti kuno kunali mayi wamkulu, wodziwika kuchokera ku Chinyunyu mpaka ku Rufunsa. Si bodza, makondakitala onse amamudziwa. Afunsa kuti anali munthu wotani, poti pamafunika mawu pang'ono ofotokoza mwini dzina. Ndati ankakonda ana. Kuwatuma, koma mawu amenewo ndameza. Ndati sankaopa munthu aliyense. Apo ndiye ndanena zoona zokhazokha, Mulungu ndi mboni. Alemba zonse, akugwedeza mutu, maso ali ndi chisoni. Munthu wabwino ngati uyu kumunamiza n'kosavuta mpaka kumachititsa manyazi.

Ndabwerera kunyumba ndikuimba. Cleopas wafunsa ngati malipiro afika.

Lachitatu, 12 Juni

Ba Noboru anakwera basi dzulo kupita ku Lusaka, kukatumiza dzina kwa atate awo pa fakisi. Latuluka m'dziko!

Ndavala nkhope ya pamaliro, ndapita kwa apongozi. Ndinawapeza akutong'ola chimanga. Ndagwada bwinobwino, mimba ikundiletsa, ndawauza kuti pachitika zinthu. Mzungu wa ku Japan anamva mbiri ya malemu, wapereka dzina lawo ku mwala wa kumwamba, ine ndamva mochedwa. Apongozi chitsononkho chili m'manja, kukamwa yasa. "Mwala? Mukulu wanga apyanidwa na mwala, mwala ulobe m'malo mwake?" Ndati n'zachisoni kwambiri, amayi, nanga mwanayu titani. Mpaka ndapukuta diso louma.

Atuma uthenga kwa Ba Abel, mlongo wawo, mwini mbumba. Akumana Lasabata tikaweruka kutchalitchi.

Cleopas wandiyang'ana nthawi yaitali tikudya. Akuti Ba Noboru anafika kuno malemu atakwiriridwa kale, ndiye mbiriyo anaimva kwa yani. Ndati kwa anthu. Ndamuwonjezera ndiwo.

Lasabata, 16 Juni

Ndaseka mpaka ndinaopa kuti ndichira lero lomwe.

Bwalo pansi pa mtengo wa mango kwa Ba Abel. Ba Noboru abwera atavala tayi, zithunzi zawo mu envulopu. Ba Abel ayamba ndi mafunso a mwambo. Mwalawo ndi waukazi kapena waumuna. Eni ake ndani. Unalira kapena sunalire pamene ankautchula dzina. Ba Noboru ayankha zonse mwaulemu, thukuta kamukamu kuzizira konseku. Akuti kumeneko kulibe mpweya, kulibe chimene chingalire. Ba Abel agwedeza mutu: ngati sunalire ndiye kuti wavomera.

Kenako zithunzi. Apongozi apukuta manja, afunsa kuti mwa onsewa mkulu wawo ndi uti. Ba Noboru aloza kadontho ndi nsonga ya pensulo. Apongozi ayang'anitsitsa. "Awonda."

Ba Noboru afotokoza kuti onani, apa kali apa, pa chithunzi ichi kali apo, pamene ena onsewa sanasunthe. Kenako apongozi aomba m'manja. "Ni yeve! Banzake bonse bakhala pamozi, yeve ayenda yeka. Ni Ketrina uyu!" Ba Noboru, pofuna kuthandiza, awonjezera kuti mwalawo si wosalala, ndi wamabampu, wozizira kwambiri, ndipo nthawi zina miyala imeneyi imagundana ndi inzake. Azimayi onse: eee, ndi iyeyo. Wina mpaka analira.

Ba Abel athira ufa pang'ono pansi pafupi ndi zithunzi, alankhula ndi malemu m'Chisoli, chilankhulo cha kuno, zambiri sindinamve. Ba Noboru apatsidwa nkhuku. Anainyamula ngati khanda.

Za mwana wanga palibe watchula. Ndapambana. Rosina, konzekani.

Lachisanu, 21 Juni

Nkhani ili m'kamwam'kamwa. Pamsewu, azimayi ogulitsa nthochi akuuza apaulendo a mabasi a ku Chipata kuti kuno kuli mayi amene anapita kumwamba ndi dzina lake lomwe. Sunday, woyendetsa minibasi, mdzukulu wa malemu, walembetsa kumbuyo kwa galimoto yake kuti KETRINA WA MUMWAMBA. Kondakitala wake ndi yemwe uja wa ambulera. Tsiku lonse akukhala pansi pa dzinalo.

Ana a m'kalasi mwanga akufunsa ngati mwalawo ungagwe. Ndafunsa Ba Noboru, akuti ayi, njira yake ili kutali, sufika kuno. Ndawauza ana. Ine ndemwe ndapumira m'mwamba.

Apongozi asintha kayendedwe. Chitambala chatsopano. Kwa aliyense akuti m'banja mwawo muli munthu amene azungu a ku Japan amamuyang'ana ndi makina. Mayi amene ali moyo anthu ankamuthawa pachitsime, lero aliyense akuti anali mnzake wa pamtima.

Sizikundisangalatsa kwenikweni. Sindikudziwa chifukwa chake.

Lachiwiri, 25 Juni

Ndadzikumbira dzenje, ndagweramo ndi mimba yomwe.

Ba Abel abwera okha panjinga, akhala pampando wa Cleopas. Akuti akuluakulu akambirana. Mwala walandira dzina, inde, palibe akutsutsa. Koma mwala sudya, sutumidwa madzi, subwera pamaliro. Malemu akafuna kulankhula ndi abale awo alankhulira pakamwa pa yani? Munthu wamkulu chotere, wodziwika mpaka kunja, sangakhale wopanda womuimira pansi pano. Ndiye dzina ligawidwa: kumwamba mwala, pansi mwana wa Cleopas. "Manje ni ulemu ukulu, Ba Fridah. Banthu batatu bapempha dzina ili, ise takana, tasungila imwe."

Atatu! Mwezi wathawu dzinali munthu sakanalitola ngakhale pamsewu. Ndalipukuta ndine, ndalikweza ndine, lero likundigwera pamutu.

Ndathokoza. Ndagwada n'kugwada. Atachoka ndalowa m'nyumba, ndaluma pilo.

Cleopas waseka mpaka kutsamira chitseko. Akuti ankadziwa kuyambira tsiku la ndiwo zowonjezera. Ndamuponyera patapata. Kenako wakhala pansi, wanena kuti mayi ameneyu anali wovuta, iye sakana, koma ndi amene anamubereka kumsana kupita naye kuchipatala cha ku Mpanshya wapansi pamene anadwala chikuku. Ndati ndamva. Za amayi anga sanafunse, inenso sindinanene.

Lachisanu, 28 Juni

Tsiku langa lomaliza kusukulu. Msana.

Ba Noboru abwera kudzanditsanzika ndi paketi ya tiyi wa kwawo, wobiriwira, wonunkha ngati udzu wonyowa. Nkhuku ija aitcha dzina, ikugona m'khitchini mwawo. Akuti atate awo alandira fakisi, akondwa, Ketrina akutha kutchula bwinobwino. Atumiza kale kwa akuluakulu aja, yankho limatenga miyezi.

Ndinafunsa mongocheza kuti dzina lotere limakhala zaka zingati. Anadabwa. Akuti silichotsedwa. Likalowa m'mabuku a zanyenyezi lalowa. Ife tonse tidzafa, sukulu ino idzagwa, msewu wa ku Chipata udzamera mitengo, mwalawo uzidzazungulirabe dzuwa ndi dzina lomwelo.

Kapu ya tiyi ndinaiika pansi.

Munthu anabwera kwa ine, ine Fridah, n'kunena kuti ndipatseni dzina loti lisadzafe. Ndinali nalo. Linali pakamwa pomwepa, ndimagona nalo, ndimadzuka nalo. Amayi anga amene ankagulitsa zitumbuwa kuti ine ndifike ku koleji, amene manda awo alibe ngakhale mtanda wachitsulo. Ine n'kupereka mwayiwo kwa mayi wa ambulera, chifukwa cha kuchenjera.

Ndafunsa ngati n'zotheka kusintha. Ba Noboru achita manyazi ngati olakwa ndi iwo. Akuti pepala linapita kale. Afunsa ngati pali vuto. Ndati palibe.

Ndalira kuseri kwa kalasi ya Giredi 3, ana akuimba matebulo.

Lachiwiri, 9 Julayi

Wamkazi.

Anabadwa Lachinayi ku Mpanshya. Anatitengera ndi Sunday, ndiye kuchipatala ndinafika m'galimoto yolembedwa KETRINA WA MUMWAMBA, ndikubuula. Zina zonse sindikufuna kuzikumbuka. Tsitsi lambiri, zala zazitali ngati za amayi. Ndimangomuyang'ana. Sindinadziwe kuti munthu angakonde chinthu mpaka kuchita nacho mantha.

Tabwerera kunyumba. Apongozi agona kuno, akunditenthetsera madzi, akundisina msana ndi nsalu yotentha. Manja awo ndi abwino, ndisaname. Mchombo ukagwa ndiye mwambo wa dzina.

Ndafunsa mochenjera mmene zimayendera kuno. Akuti mwana amakhala pamiyendo pa mayi wake, Ba Abel amatchula dzina katatu. Akakhala chete, walandira. Akalira, wakana, amafuna lina.

Pamiyendo pa mayi wake. M'kati mwa chitenje. Akalira wakana.

Ambuye mundikhululukire, zala ndili nazo.

Lachisanu, 12 Julayi

Mchombo unagwa dzulo. Mwambo lero m'mawa.

Anthu anadzaza khonde. Ba Noboru analipo, apatsidwa mpando wa kutsogolo ngati akuchimuna a mwala. Ine pamphasa, mwana pamiyendo, dzanja lamanja m'kati mwa chitenje pa kantchafu kake.

Ba Abel: Ketrina. Ndatsina pang'ono. Zii.

Ketrina. Ndatsina ndithu, mpaka ine ndemwe ndamva kuwawa.

Mwana watsegula maso. Sanalire. Wandiyang'ana. Kuyambira kumutu kutsika, mmene anandiyang'anira mayi uja tsiku loyamba. Kakamwa kakwinya. Kachitatu dzanja langa linafooka lokha.

Nthungululu. Apongozi avina. Ba Abel akuti sanaonepo mwana wolandira dzina ndi mtima wonse chotere. Ba Noboru ajambula chithunzi choti atumize kwa atate awo.

Anthu atapita ndamuvula. Pantchafu kachizindikiro kofiira. Ndapsompsonapo kambirimbiri, ndapepesa. Mwana wa sabata imodzi, mayi wake n'kumutsina chifukwa cha dzina. Ndine munthu wanji ine? Basi, ndagonja. Ketrina ndi Ketrina. Amayi, ndinayesa.

Lachiwiri, 16 Julayi

Akulira kuyambira Loweruka. Kuyamwa akuyamwa, thupi silikutentha. Dzulo tinapita naye kukiliniki, anesi akuti ndi mpweya wa m'mimba, zimatha zokha. Pa mwambo anakhala chete ngati mwala, lero mudzi wonse ukumumva. Maso anga alowa m'kati.

Masana apongozi abwera ndi phala. Atuma Cleopas kukatunga madzi, mgolo uli wodzaza. Akhala pansi pafupi nane, osati pampando. Amutenga mwana, amuyang'ana, ayang'ana ine.

Akuti aganiza. Mkulu wawo amamudziwa ndi iwo, anakulira naye mphasa imodzi. Sanagawanepo chinthu ndi munthu, ngakhale chipande. Ndiye lero agawane dzina ndi khanda? Ali ndi mwala wake, akhale nawo. Ba Abel akawauza iwo okha, ndipo adzavomera, akapanda kuvomera aona.

Ndimaopa kupuma.

Kenako, osandiyang'ana, akukonza kachipewa ka mwana: "Nenze pafupi na imwe pa Chisanu paja. Maso nili nayo. Muzimai safika potsina mwana wake ngati palibe chamene chimubaba mumtima." Ndinafuna nthaka indimeze. Iwo osakalipa. Anangofunsa kuti, "Amai banu, dzina linali ndani?"

Zaka zinayi pakhomo pano. Palibe anandifunsapo.

Ndinalitchula, mawu osweka pakati. Apongozi anamuika mwana paphewa, akumusisita kumsana. "Rosina. Rosina. Mwabwela, amai? Ulendo wa ku Katete ni utali."

Mwana sanaleke kulira. Anawonjezera. Ndinati amayi, nanga si akuliratu, ndiye kuti nalonso wakana. Apongozi akuti ayi, uku ndi kulira kwina, kwa munthu amene wangofika kumene.

Akulirabe mpaka pano. Rosina akulira. Ndalemba kawiri kuti ndione mmene likuonekera papepala. Rosina akufuna bere, ndisiye kaye